Wambanda pa Nsalu Yoyera

Dzuwa likalowa ku Feira, pamene mtsinje wa Luangwa uthira m'Zambezi, ndipo kutentha kwa m'cigwa kukayamba kucepa, asodzi akweza mabwato ao pamtunda, ndipo anyamata ndi atsikana asonkhana pa nyumba imene iri ndi wailesi ya kanema, kapena azinga mnzao amene ali ndi foni yabwino. Makanema amene aona ali a mitundu yambiri, koma pali mtundu umodzi umene usiya anthu alikutsutsana kufikira pakati pa usiku. Mtundu umenewo ndiwo wa kanema amene mwini nkhani wace ali wambanda. Woonera atsata munthu wakupha anzace kuyambira paciyambi kufikira pamapeto. Aona kumene agona, cimene aopa, ndi zimene zinamgwera pa ubwana wace. Ndipo kanema akatha apeza kuti m'maso mwace mwalengeza misozi cifukwa ca munthu amene, akadakomana naye pathengo pa njira ya ku Katondwe, akadamthawa osaceuka.

Mtsutso umene utsata uli ndi mbali zitatu. Akulu ambiri ati makanema otere aononga ana, pakuti aphunzitsa kuti kupha munthu ndi cinthu capafupi, ndi kuti wacifwamba ndiye ngwazi. Ena, makamaka amene apita kusukulu, ati iai, makanemawa afewetsa mtima, pakuti aonetsa kuti wambanda naye ndi mwana wa munthu, wobadwa mwa mai monga wina ali yense. Ndipo alipo ena amene aseka mbali zonse ziwiri, nati kanema ndi masewera cabe, munthu alowa ndi mtima wace natuluka nao womwewo. Nkhani imeneyi si yongotayira nthawi. Dziko la Zambia linaleka cilango ca imfa m'caka ca 2022, ndipo anthu amene kale akadanyongedwa ali ndi moyo m'ndende. Cifukwa cace kuli koyenera kuti munthu adziwe m'mene awaganizira anthu otere, ndi kumene maganizo acewo acokera.

Lumo la Boma lakale

Mantha a akulu si a lero. M'masiku a ulamuliro wa Azungu, pamene Zambia inali kuchedwa Northern Rhodesia, amuna ambiri a m'midzi anapita ku migodi ndi kumatauni kukafuna ndalama za msonkho, ndipo kumeneko anakomana ndi baisikopo. Eni migodi anaimika nsalu yoyera pabwalo la komponi, ndipo khamu la anthu linakhala panja kupenya amuna a ku America okwera pa akavalo, ochedwa makauboyi, alikuthamangitsana ndi kuomberana mfuti. Ngwazi ya m'kanema ali yense oonera anaicha dzina limodzi, Jack. Ndipo ana a m'komponi anasema mfuti zamtengo, nayenda monyang'wa ngati iye.

Boma poona izi linada nkhawa. Linaika bungwe loyesa makanema oonetsa anthu akuda, ndipo lumo la bungwelo linadula zambiri: kupha munthu dala pafupi, anthu obisa nkhope zao, kuzunza akazi, ndi Mzungu wogwidwa ndi kumangidwa ndi eni dziko. Pansi pa malamulo amenewa panali ganizo lacipongwe, lakuti munthu wakuda ali ngati mwana wamng'ono, amene acita ciri conse cimene waona. Koma zimene lumo linabala zinali zina. Kanema anafika pa nsalu ali zidutswazidutswa. Munthu anaoneka alikuseka, ndipo patapita kamphindi anaoneka ali gone pansi, popanda woona cimene camgwetsa. Odula aja pocotsa kupha anacotsanso kulemera kwace, nasiya nkhonya ndi liwiro la akavalo zokha. Ngati kanema wotere anaphunzitsa kanthu, anaphunzitsa cinthu comweco cimene Boma linaopa, cakuti imfa ya munthu ndi yopepuka.

Koma oonera sanali ana. M'zaka za 1953 ndi 1954 mai wina wa ku America wofufuza za makhalidwe a anthu, Hortense Powdermaker, anakhala ku Luanshya, ndipo omthandiza ace, amene anali eni dziko, anakhala pakati pa khamu ndi kulemba zimene anthu analankhula kanema ali m'kati. Buku lace, Copper Town, linatuluka mu 1962. M'menemo muoneka anthu oweruza ndi muyeso wa kwao. Anapfuula ndi kuimirira pamene Jack anamenyana ndi adani, natama nkhonya zace. Koma ambiri ananyansidwa poona mwamuna ndi mkazi alikupsompsonana poyera. Munthu amene alandira cina nakana cina sali mtsuko wopanda kanthu umene mwini kanema athiramo cimene afuna.

Boma linayesanso njira yina. Bungwe la Central African Film Unit, limene linagwira nchito kuyambira 1948 kufikira 1963, linapanga makanema a anthu a Rhodesia ziwiri ndi Nyasaland, ndipo magalimoto a baisikopo anayenda nao m'midzi. Ambiri anali ophunzitsa ulimi ndi kusunga ndalama. Ena anali a milandu, m'mene wakuba agwidwa masiku onse. Koma wocimwa wa m'makanema amenewo anali cidole coimikidwa kuti cigwetsedwe, ndipo munthu saphunzira za kuipa kwa mtima poona cidole cilikugwa.

Zimene makolo anadziwa

Anthu a ku Feira sanayembekeze baisikopo kuti adziwe kuti wakupha angathe kukhala wochuka. M'zaka za m'ma 1870 ndi 1880 cigwa ca Zambezi pafupi ndi Zumbo cinali m'manja mwa akulu a Acikunda okhala ndi mfuti zambiri. José do Rosário Andrade, wochedwa Kanyemba, ndi José de Araújo Lobo, wochedwa Matakenya, anatumiza ankhondo ao kukafuna minyanga ndi akapolo, ndipo midzi yambiri inapasuka. Dzina la Kanyemba likali ndi moyo, pakuti ndilo dzina la malo a kutsidya kwa Zambezi, m'dziko la Zimbabwe. Maina a anthu wamba amene anafera pa goli anaiwalika. Ici ndi cizolowezi ca nkhani zonse, za pamoto ndi za pa nsalu zomwe: wakupha ali ndi zocita zambiri zosimba, koma wophedwa angogwa kamodzi, nkhani nimpitirira.

Makolo anacidziwa cizolowezi cimeneci, ndipo mwambo wao unalimbana naco. Acewa ndi Amang'anja anali ndi mau akuti cirope. Anati munthu wokhetsa mwazi wa mnzace, ngakhale kunkhondo, agwidwa ndi ukali wonga misala, ndipo akapanda kulandira mankhwala adzafuna kukhetsa winanso. Motero wakupha anaonedwa ngati munthu woopsa, komanso ngati munthu wodwala. Anansi a kutsidya kwa Zambezi anena za ngozi, mzimu wa munthu wophedwa, umene usautsa banja la wakupha kufikira litalipa. Dipo lace linali ng'ombe, ndipo kale linali munthu. Mwambo umenewu unali ndi nkhanza zace, pakuti mwana wamkazi wosalakwa anasenza mlandu wa wina. Koma cimene unanena ncomveka: wakufa sanathe kulankhula. Ndipo pa bwalo la mfumu mabanja onse awiri anakhala pansi; abale a wakupha ananena zao, abale a wophedwa ananenanso zao, pakuti mlandu suola.

Tsono makolo anagwira zoona ziwiri pamodzi: wakupha akali munthu, ndipo wophedwa akali ndi mau. Kanema wa ambanda ayesedwa bwino ndi muyeso umenewu koposa ndi lumo la Boma.

Bwalo la mbala

Kanema woyamba woyenera kuyesedwa ndi wakale, wa ku Germany, wopangidwa ndi Fritz Lang mu 1931. Dzina lace ndi lemba limodzi, M, loimira mau a Cijeremani otanthauza wambanda. Asimba za munthu wochedwa Hans Beckert, wakupha ana aang'ono m'mzinda waukulu. Lang saonetsa kupha ngakhale kamodzi. Aonetsa mai alikukonza cakudya ca masana, alikuyang'ana nthawi, alikuitana mwana wace Elsie pa makwerero opanda munthu. Aonetsa mbale ya mwanayo pagome ndi mpando wopanda wokhalapo. Kenaka mpira wace ukunkhulika wokha pa udzu, ndipo cibaluni cimene wambanda anamgulira cakodwa pa mawaya. Mwazi palibe, koma imfa ya mwanayo ilemera pa woonera kufikira pamapeto. Apa paoneka kulakwa kwa odula aja: cimene cipatsa imfa kulemera si mpeni woonekera, koma mai wodikira.

Mantha agwira mzinda wonse. Nkhalamba yosalakwa, imene yangoyankha mwana wofunsa nthawi, izingidwa ndi khamu. Apolisi pofunafuna wambanda asautsa mbala usiku uli wonse, kotero kuti mbalazo zipangana kumgwira zokha. Wakhungu wogulitsa zibaluni azindikira mluzu umene Beckert aimba. Mnyamata wina amsindikiza lemba la M ndi choko pa phewa la malaya. Amgwira, napita naye m'cipinda ca pansi pa nyumba yosiyidwa, kumene mbala zakhala bwalo. Pamenepo Peter Lorre, wosewera Beckert, agwada napfuula kuti sangathe kudziletsa, kuti cinthu cokhala m'kati mwace cimthamangitsa usana ndi usiku, pamene omweruzawo acita zoipa mwa kufuna kwao. Nkhalamba ya kumudzi ikadati cimeneco ndi cirope. Apolisi afika khamu lisanamkhadzule, ndipo kanema atha ndi amai obvala zakuda, odziwa kuti ciweruzo ciri conse sicidzabweza ana ao.

Nanga oonera anatani? Ambiri anamva m'menemo pempho lakuti munthu wodwala mutu aperekedwe kwa sing'anga, osati kwa wonyonga. Koma Joseph Goebbels, amene pambuyo pace anakhala nduna ya Hitler yofalitsa mabodza, anaona kanema yemweyo nakondwa, nalemba m'buku lace la tsiku ndi tsiku kuti alimbikitsa cilango ca imfa. Ndipo mu 1940 anthu a Hitler anatenga kulira kuja kwa Lorre, amene anali Myuda, nakuika m'kanema wao wonyoza Ayuda. Nkhope imodzi, misozi imodzi: wina anaona m'bale wodwala, wina anaona cirombo coyenera kuphedwa. Pamenepa amene ati munthu atuluka ndi mtima umene analowa nao ali ndi umboni wamphamvu.

Mwana m'thumba la pepala

Kanema waciwiri ali pafupi ndi kwao kwa oonera a ku Feira. Tsotsi anapangidwa ku South Africa ndi Gavin Hood mu 2005, kucokera m'buku la Athol Fugard limene linasindikizidwa mu 1980, ndipo mu 2006 analandira mphotho ya Oscar. Presley Chweneyagae, amene anamwalira mu 2025, anasewera mnyamata wotsogolera gulu la acifwamba ku Johannesburg. Paciyambi mnyamatayo asankha munthu wonyamula malipiro ace pa siteshoni; amtsata m'sitima, ndipo mnzace Butcher ambaya ndi citsulo cosongoka pakati pa khamu, anzace alikumgwiriziza kuti asagwe kufikira anthu atatsika. Usiku womwewo Tsotsi aombera mkazi, Pumla, pa cipata ca nyumba yace, nathawa ndi galimoto, napeza kuti kumbuyo kuli khanda.

Kuyambira pamenepo kanema agwira woonera pamtima. Tsotsi anyamula mwanayo m'thumba la pepala; akakamiza mkazi wina, Miriam, ndi mfuti kuti amyamwitse; ndipo pang'onopang'ono ubwana wace uonekera. Dzina lace leniweni ndi David. Mai wace anali gone ndi nthenda. Atate wace, ataledzera, anathyola msana wa galu wace ndi phazi. Ndipo iye anathawa, nakulira m'mapaipi a simenti pamodzi ndi ana ena osowa kwao. Pomaliza abweza mwana kwa eni ace, nakweza manja pamaso pa apolisi.

Ubwino wa kanemayu suyenera kucepetsedwa. Aonetsa zoona, kuti wacifwamba sagwa kucokera kumwamba. Aumbidwa pabanja ndi pamseu, anthu alikupenya. Munthu amene waona mapaipi aja sangathe kupitirira mwana wogona pa khonde la sitolo ku Lusaka ndi mtima womwe uja. Ndiponso kanema saiwala Pumla, pakuti abwerera kwa iye m'cipatala, naonetsa kuti sadzayendanso.

Koma pali ngongole imene Tsotsi salipa. Munthu uja wa m'sitima aoneka kamphindi, nafa, nkhani nimpitirira. Mkazi wace saoneka; maliro ace samveka. M'buku la Fugard munthu ameneyu ali ndi dzina, Gumboot Dhlamini, ndipo ali ndi mbiri: anasiya mkazi ali ndi pakati kumudzi, anagwira nchito ku mgodi monga caka, ndipo anatsala ndi masiku owerengeka kuti abwerere kwao. Banja liri lonse la m'cigwa ca Luangwa limene linatumiza mwana ku migodi limdziwa munthu ameneyu. Wolemba buku anamkhazika pabwalo asanamuphe; wopanga kanema anamsandutsa khomo lolowera m'nkhani ya wina. Cifukwa cace cifundo cimene woonera amva pamapeto ciri ndi cinyengo pang'ono. Akhululukira Tsotsi cifukwa mwana wabwezedwa, osakumbuka kuti pali cinthu cimene sicinabwezedwe, ndi kuti mwini wa kukhululuka kumeneko ndi mkazi amene kanema anambisa. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Misozi ya pa kanema ndi mantha a ku Luano

Funso lina litsala: kodi cisoni ca pa kanema cigona kufikira mawa? Yankho liri pafupi. Mtsinje wa Lunsemfwa, umene uyenda m'cigwa ca Luano, uthira m'Luangwa, ndipo madzi ace apita pa Feira. M'cigwa cimeneco, kuyambira 2007 kufikira 2013, abale atatu a banja la Mailoni anapha anthu osacepera 12, nabisala m'thengo ndi m'mapiri zaka zonsezo. Pamene asilikali anawaombera m'mwezi wa June 2013, anthu anapumira m'mwamba, ndipo ambiri anakondwera. Sikungakhale kodabwitsa ngati mwa okondwawo munali ena amene analirira Tsotsi. Kumeneku si kukhala ndi mitima iwiri. Woonera kanema ali pabwino, citsulo ca Butcher sicingamfike. Koma mlimi wa ku Luano anapita kumunda alikuceukaceuka. Wamva m'mimba ndiye atsekula citseko. Cifundo ca munthu wosaopsedwa ncotsika mtengo, ndipo munthu sayenera kunyada naco pamaso pa amasiye.

Ena anena kuti kanema asintha malamulo a dziko, ndipo achula Poland. Mu 1988 Krzysztof Kieślowski anaonetsa kanema wochedwa A Short Film About Killing. Mnyamata Jacek apha woyendetsa takisi popanda cifukwa, ndipo kuphako kuonetsedwa konse, kwa nthawi yaitali yosautsa; pambuyo pace Boma linyonga Jacek, ndipo kunyongako kuonetsedwanso konse. Woyendetsa takisi aonetsedwa ngati munthu wosakoma mtima, koma imfa yace inyansa. Jacek ali wolakwa ndithu, koma imfa yace inyansanso. Kanemayu ayesedwa bwino pa muyeso wa makolo, pakuti sabisa mtembo uli wonse. Ndipo nzoona kuti munthu wotsiriza kunyongedwa ku Poland ananyongedwa m'caka comweco ca 1988. Koma mu 1989 ulamuliro wonse wa dzikolo unasintha, ndipo lamulo locotsa cilango ca imfa linayamba kugwira nchito mu 1998, pamene Poland inali kufuna kuyenda pamodzi ndi maiko ena a ku Ulaya amene analeka kale. Kanema anathira nkhuni pa moto umene ena anasonkha.

Mbiri ya Zambia iphunzitsa comweco. Anthu otsiriza kunyongedwa ananyongedwa mu 1997. Pulezidenti Levy Mwanawasa anakana kusaina zikalata za imfa, ndipo omtsata anacita cimodzimodzi. Mu 2015 Pulezidenti Edgar Lungu anasintha cilango ca akaidi 332 oweruzidwa kufa ku ndende ya Mukobeko ku Kabwe. Ndipo pa 23 December 2022 Pulezidenti Hakainde Hichilema anasaina lamulo locotsa cilangoco. Nchito imeneyi inatenga zaka 25, ndipo anaigwira ndi a mipingo, odziwa malamulo ndi atsogoleri a dziko. Lamulo silinasinthe usiku umodzi cifukwa anthu analira pa kanema.

Cimene kanema angathe

Kodi tsono oseka aja apambana? Iai. Kanema sasandutsa munthu wabwino kukhala wambanda, ndipo sasandutsa munthu wouma mtima kukhala wacifundo. Koma pali cinthu cimodzi cimene kanema woona acita, ndipo ncacikulu. Acotsa citonthozo cimene anthu akonda, cakuti wakupha ndi colengedwa ca mtundu wina, codziwika ndi nkhope. Citonthozo cimeneci ncoopsa pawiri. Coyamba, mudzi umene uyesa kuti ambanda ndi zirombo za kuthengo suona wambanda alikukula pakati pace, m'mwana womenyedwa ndi wotayidwa. Caciwiri, anthu amene ayesa kuti angathe kuzindikira wambanda ndi maso afulumira kutola miyala. M'miyezi yoyamba ya 2020, pamene mbiri ya anthu opopera mankhwala m'nyumba usiku inawanda m'Zambia, makamu anapha anthu pafupifupi 50 pongowaganizira. Ophawo anali anthu wamba, ogwidwa ndi mantha, ndipo ali yense anayesa kuti alikuteteza ana ace. Fritz Lang anawajambula kale mu 1931, pozinga nkhalamba ija. Munthu amene waona bwalo la mbala, nazindikira nkhope yace pakati pa opfuula, angathe kuima kamphindi asanaponye mwala. Ndipo kamphindi kameneko kangapulumutse mlendo wosocera.

Mantha a akulu nao ali ndi malo ace, koma alasa pambali. Kanema woopsa si amene aonetsa kupha, ndipo si amene acititsa cisoni ndi wakupha. Woopsa ndi amene apatsa wakupha zobvala zokongola, mau anzeru ndi nyimbo yokoma, pamene ophedwa agwa ngati mapesi, opanda dzina ndi opanda wolira. Makanema otere aculuka m'mafoni, ndipo nchito yao ndi yomwe ija ya lumo la Boma lakale, ngakhale acita ndi njira yina: lumo linacotsa kulemera kwa imfa pobisa, awa akucotsa pocurukitsa. Woonera sadzapita kukapha. Koma azolowera kuyang'ana mlandu ndi maso a wakupha yekha, monga anthu anazolowera kusimba za Kanyemba ndi kuiwala a pa goli.

Cifukwa cace mnyamata kapena mtsikana wotuluka sukulu, amene adzaona makanema ambiri koposa makolo ace onse, sasowa bungwe lomdulira. Asowa mafunso owerengeka ofunsa kanema akatha. Anafa ndani, ndipo dzina lace linali yani? Anamlira ndani, ndipo kanema anampatsa nthawi yotani? Kodi ubwana wowawa wa wakupha unaonetsedwa kuti mlandu umveke, kapena kuti ufafanizidwe? Pakuti ana ambiri anakulira m'mapaipi osabaya munthu, ndipo kanema amene aiwala ici awanyoza. Ndipo potsiriza: wakuphayo analipa ciani, ndi kwa yani?

Kanema amene apirira mafunso amenewa asiya woonera ndi mtima wosakhazikika, alikumvera cisoni anthu awiri amene sangathe kuyanjanitsidwa. Kusakhazikika kumeneko ndiko kusintha kwenikweni kumene kanema angathe kubweretsa. Nkocepa, koma nkoona, ndipo ndiko mtima woyenera nzika ya dziko limene lasankha kusunga ambanda ace ndi moyo. Koma kanema amene woonera atuluka alikudziwa dzina la wakupha lokha wasimba theka la mlandu; ndipo pa bwalo la Mfumu Mburuma kapena la Mfumu Mphuka, mlandu suweruzidwa mbali imodzi isanalankhule.